Tirigu wa Amalume

Ndinali ndi zaka khumi pamene amalume anabwera kuchokera ku Halale ndi chipewa, nsapato zolira ndi kathumba ka tirigu. Kwathu kufupi ndi Chipoka kunalibe amene anaionapo mbewu imeneyi.

Amayi anali ndi munda wa mapira ofiira, owawa, oti ngakhale mbalame zinkawanyoza. Koma mapirawo sankaopa dzuwa. Mvula ikadula, ankangopinda masamba n'kudikira.

Amalume anaima m'munda muja manja ali m'thumba.

"Mlongo wanga, mpaka liti mukudya zimenezi? Tiriguyu ndamuona ndi maso angawa pa famu ya mzungu, ali biriwiri mu Ogasiti, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Zulani izi."

Amayi anakana. Bambo anali mkamwini, pamudzi pa eni, choncho anangoyang'ana pansi. Amalume, eni mbumba, anatembenukira kwa ine.

"Iwe ndiye wapita kusukulu, umamva zinthu. Zula."

Ndinazula, mapira atafika kale m'mawondo. Ndinazula monyadira, amayi akundiyang'ana. M'malo mwa mapirawo tinafesa tirigu uja.

Chaka chimenecho ndicho cha njala yaikulu ija. Mvula inadula mu Januwale, tirigu anafiira, pasanathe masabata awiri anapseratu. M'minda ya anzathu mapira anapirira, nabereka pang'ono, zokwana phala. Ife tinkadya zikhawo za nthochi ndi nyika zokumba m'dambo. Mng'ono wanga Esinati, wa zaka zitatu, anatupa miyendo ndipo sanafike masika. Apo n'kuti amalume atakwera kale sitima kubwerera kwa mzungu wawo.

Anadzabweranso ine nditakwatiwa. Ndinawapeza pakhonde akusenda nzimbe.

"Amalume, tirigu uja ankamwa chiyani mu Ogasiti?"

"Madzi a m'ngalande, ochokera kudamu. Ndinkatsegula ndine m'mawa uliwonse."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Munandifunsa?" anatero, nalavula zitsotso.

Sindinawakhululukire. Pamaliro awo ndinakhala kumbuyo, maso gwa, ndipo amene anafuna kundinena anandinena. Lero mlangizi akabwera ndi mbewu imene akuti siopa chilala, ndimafunsa kaye kuti anaiona pamunda wa yani, ndipo ankaithirira ndani. Amati ndine mayi wovuta.

Anthu amandiuza kuti ndinali mwana, ndisadziimbe mlandu. Koma amalume sanagwire ngakhale phesi limodzi. Anangonditamanda kuti ndine wophunzira, ine n'kuzula chakudya cha Esinati ndi manja angawa.