Maliro a Mlongo Wanga Anadikira Mpira

Ku Chamama kuno amandidziwa ndi mawu. Ndikaitana munthu ndili m'chigafa cha fodya, amavomera ali kudimba. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mbumba yanga ndaiyendetsa ndekha, palibe anandiphunzitsa.

Mlongo wanga wamng'ono anali ndi mnyamata mmodzi yekha, womwetsa zigoli. Anayambira pabwalo lafumbi kuseri kwa tchalitchi, wopanda ndi nsapato zomwe. Timu ina ya ku Lilongwe inamutenga, koma miyezi inatha akungokhala pabenchi. Tsiku lina anandiimbira foni.

"Malume, Loweruka ndiyamba ndine. Akochi akuti ndikapanda kuonetsa kanthu andibweza kumudzi."

"Ubwere kudzatani? Fodya tikusoka tokha. Ukachinye!"

Loweruka lomwelo m'mawa mayi ake anatisiya. Anali atadwala nthawi yaitali, mankhwala akuchipatala atakanika. Ndinalowa, ndinaona, ndinatuluka.

Kwathu kuno maliro salira mwini mbumba asanakauze amfumu. Mwini mbumba ndine. Ndiye sindinapite. Ndinakhala pakhonde n'kunena kuti aliyense atseke pakamwa mpaka mpira uthe. Achinyamata ndinawalanda mafoni, chifukwa iwowo uthenga amautumiza mtembo usanazizire. Mafoniwo ndinawathira m'thumba la feteleza n'kulikhalira. Masamba oika pamsewu posonyeza maliro ndinaletsanso, poopa akabaza kuti angaulutse nkhani.

Amuna ake a malemuwo anabwera maso ali psuu.

"Alamu, mkazi wanga si belo la fodya loti lidikire mtengo."

"Alamu, inu pano munabwera kudzakwatira. Khalani pansi."

Anakhala pansi.

Azimayi anadzaza m'nyumba, ali duu, zitenje kukamwa. Mkazi wanga anatuluka n'kundinong'oneza kuti, "Bambo, anthu misozi yawakwana." Ndinati aimeze. Dzuwa linakwera. Nkhuku zinkangoyendayenda pabwalo ngati tsiku lina lililonse.

Masana amuna tinalowa m'chigafa ndi wailesi, titaitsitsa kwambiri. Pamwamba pathu fodya ali lende, atayamba kufiira. Woulutsa anatchula dzina la mwanayo, alamu anaweramitsa mutu. M'chigawo choyamba mwanayo anatsala yekha ndi goloboyi, mpira n'kuupititsa kumwamba. Wina kumbuyo anati, "Taonani, tavutikira chabe." Sindinacheuke.

M'chigawo chachiwiri anachinya ndi mutu. Woulutsa anakuwa mpaka wailesi kunjenjemera. M'chigafamo palibe anaomba m'manja. Ine amene ndinkagwedeza bwalo lonse mwanayo akachinya kuseri kwa tchalitchi, ndinafufuza mumtima kuti mwina muli chimwemwe, mwina chisoni. Munalibe kanthu. Ndinkangoyang'ana tsamba lina lobooka ndi mbozi, n'kumaganiza kuti limeneli polisankha lipita ku giredi yotsika.

Mpira utatha foni yanga inalira.

"Malume, mwamva? Mwamva? Apatseni amayi!"

"Ndamva. Wachita bwino. Kwera basi ubwere, amayi ako matenda akula."

Mwana wakuno amadziwa kuti mawu amenewo amatanthauza chiyani. Kumbuyo kwake ndinkamva anzake akuimba.

"Nthawi yanji?"

"M'mawa."

"M'mawa," iye anatero, n'kudula.

Ndinadzuka, ndinakhuthula mafoni pansi, ndinapita kwa amfumu. Pobwerera ndinamva azimayi atayamba, kulira kwa tsiku lonse kukutulukira limodzi. Kunamveka mpaka kumsika.

Mnyamatayo anafika m'mawa mwake, mwambo uli mkati. Ananyamula nawo bokosi. Anandipatsa moni ndi manja awiri monga mwa ulemu, koma nkhope yanga sanaiyang'ane. Sanandifunse chifukwa, inenso sindinamuuze. Titasesa anabwerera.

Akochi aja kumudzi sanamubweze. Mpaka lero amayamba ndiye, ndipo timu zina zikumufuna. Foni amaimbira bambo ake, ine amangondipatsira moni kudzera mwa iwo. Anthu ena amati ndinalakwa, ena amati ndinaganiza ngati mwamuna. Onsewo amanena ndili kutali. Pamaso panga sanayerekeze ndi mmodzi yemwe.