Sidi Yachiwiri Inali mu Minibasi ya Amalume

Chaka chimene kampani ya bambo anga inagulitsidwa, ogwira ntchito anauzidwa kuti akadikire kunyumba. Bambo anadikira mpaka nsapato zawo za kuntchito zinachita nkhungu kunsi kwa bedi. Tinkakhala m'komboni ya Kanyama, m'zipinda ziwiri za lendi, ndipo amene ankatigwira mkono anali amalume, mlongo wawo wa mayi, omwe ankakhala ku Matero, mbali ina ya mzindawo, n'kumayendetsa minibasi. Mwezi ukatha ankatula thumba la ufa pakhomo osazimitsa n'komwe injini. Bambo ankatuluka, kuwomba m'manja, n'kubwerera m'nyumba osayang'ana munthu.

Ine ndinali nditangomaliza kosi ya makompyuta, ndipo ndinkadzimva kwambiri. Kompyuta yanga inali yakale, yotsala pamene ofesi ina inkatsekedwa. Tinaiika patebulo lokwezedwa ndi njerwa, poti ku Kanyama mvula ikagwa madzi salowa ndi odi. Mphunzitsi wina anandikopera masidi atatu a pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta. Ndinagwiritsa ntchito yoyamba yokha, kompyuta n'kuyamba kuyenda bwinobwino, enawo ndinangowasiya pawindo.

Masiku amenewo madalaivala a minibasi ankakhulupirira kuti ukapachika sidi pagalasi loonera kumbuyo, makina a apolisi oyezera liwiro amasokonezeka. Sindikudziwa amene anayambitsa bodza limeneli, koma linafala kuposa chimfine. Tsiku lina ine kulibe, amalume anaona masidi aja akunyezimira pawindo n'kuwasirira. Bambo anatenga imodzi, kuipukuta ndi malaya, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Mayi ndiwo anandiuza madzulo ake. Anati chichokereni ntchito, aka kanali koyamba bambo kupatsa mlamu wawo kanthu, ndipo tsiku limenelo anawaperekeza mpaka pamsewu akuseka mokweza. Ndinaona kuti yapita ndi yachiwiri, koma sindinadandaule. Kupatsa n'kuika, anatero mayi, ine n'kuvomera.

Patapita miyezi, kakampani kena kotumiza katundu m'tauni kanandiitana. Munthu wawo wa makompyuta anali atachoka, n'kusiya pulogalamu yolembedwa koma yosamangidwa. Bwana wake, mayi wina wosachedwa kulankhula, anandipatsa fulopi, kadisiki kakang'ono kaja, nati ndikabwera nayo Lolemba ikugwira ntchito, malowo ndi anga. Ndinafika kunyumba ndikuyenda ngati ndalembedwa kale.

Pulogalamu yolembedwa ndi mawu chabe. Kuti iyende pamafunika kuimanga, ndipo chomangiracho chimafuna zida zina zimene zimabwera m'timaphukusi totchedwa mapakeji. Nditalamula kuti imange, kompyuta inathamanga pang'ono n'kuima, ikudandaula kuti fayilo yakutiyakuti palibe. Ndinaifunsa kumene pakeji yake ili. Inandiyankha mwaulemu kuti ndilowetse sidi yachiwiri. Ndinalowetsa yachitatu, poganiza kuti mwina siizindikira, koma inailavula n'kubwereza pempho lake lomwelo.

Ndinadziwa kumene sidiyo inali, ndipo ndinadziwanso kuti sindingaitenge. Kwathu chinthu ukapatsa munthu, wapatsa. Kukachiitanitsa ndi kudzivula pagulu, makamaka kwa mlamu amene akukudyetsera ana. Mphunzitsi uja, amene akanandikopera ina, anali atasamukira kutali, kumigodi ya ku Kopabeti. Njira inatsala inali imodzi: mapakeji onsewo amasungidwanso pa intaneti, m'nkhokwe zimene aliyense angatapemo, ndipo intaneti inali m'kafe ya m'tauni.

Inali nyengo ya mvula. Ndinkanyamula nsapato m'manja, mafulopi m'pepala la pulasitiki pachifuwa, n'kuwoloka madzi a ku Kanyama mpaka pamene phula layambira. Ku kafe ankawerenga mphindi, ndipo tsamba limodzi linkatseguka ngati nkhalamba ikudzuka pamphasa. Ndinalemba dzina la fayilo yosowayo pamalo ofufuzira mapakeji, osapeza kanthu. Ndinangotenga pakeji ya dzina lofananako n'kuthamanga nayo kunyumba. Kompyuta inati imeneyo ili nayo kale. Tsiku lotsatira ndinapeza ina, koma poilowetsa inakana, ati ikufuna inzake iyambe yalowa. Nditabweretsa inzakeyo, nayonso inali ndi m'bale wake woti abwere kaye. Fulopi ina inanyowa panjira n'kufa. Amati kuthamanga si kufika, ndipo ine sabata imeneyo ndinathamanga zedi.

Lachinayi ndikudutsa pasiteji m'tauni, ndinamva hutala. Anali amalume, akudikira kuti minibasi idzaze.

"Mwana wa mulongo wanga, uli bwanji? Ona ka vinthu ka ba tate bako," anatero akuloza pagalasi. "Kuchokela pamene ninakamangilila, sibananigwilepo olo kamozi."

Sidi yanga inali kuzungulira pa ulusi wofiira, dzuwa likuiwomba, nambala yake yolembedwa ndi dzanja la mphunzitsi wanga ikuoneka bwinobwino. Ndinaseka nawo, kuwafunsa za azakhali ndi ana, n'kupitiriza ulendo mtima ukuwira.

Lachisanu madzulo tikudya, bambo anandifunsa ngati zinthu zikuyenda. Anafunsa bwino ndithu. Koma ine ndinali nditatopa, mapazi atatumbuluka ndi madzi, ndipo lilime langa silinayambe lakhalapo ndi mabuleki.

"Vingayende bwanji? Vonse ivi ni chifukwa cha imwe, ba tate. Mupasa banthu vinthu vamene simuziba na nchito yake. Ija sidi munapasa ba malume ndiye ili na vonse vamene nifuna. Manje nchito izapita."

Azing'ono anga anasiya kutafuna. Mayi anandiyang'ana ndi diso limene ndinkaliopa ndili mwana. Bambo, amene Chichewa cha makolo awo a ku Malawi sichinawachoke pakamwa, anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga osanena bwanji poyamba, mwana wanga?" Anasamba m'manja chakudya chisanathe.

Loweruka ndinalawirira ku kafe osalankhula ndi munthu. Tsiku limenelo, mwina chifukwa mkwiyo unali utaphwa, ndinawerenga tsamba la nkhokwe lonse mpaka pansi m'malo mothamangira pamwamba. Pansipo panali malo ena ofufuzira, osati dzina la pakeji, koma zimene zili m'kati mwake. Ndinalemba dzina la fayilo ija, ndipo inatuluka pompo. Inali m'pakeji ina yapadera, ya anthu omanga mapulogalamu, yosiyana ndi ya anthu ongogwiritsa ntchito imene ndinkalimbana nayo. Patsamba lake analembanso abale ake onse amene imafuna. Sabata yonse zinali pamenepo, ine ndikudutsa pamwamba pake. Ndinatsitsa zonse, n'kuuza mwini kafe andiikire pa sidi yatsopano.

Masana ndinali kunyumba. Mapakeji analowa motsatana popanda kukangana, pulogalamu inamangika, n'kutseguka. Ndinavina m'kachipinda kaja mpaka mayi analowa kudzaona ngati ndagwidwa ndi magetsi. Nditafunsa za bambo, anati anatuluka m'mawa atavala jekete la kutchalitchi, osanena kumene akupita.

Anafika dzuwa litapendeka. Buluku anali atalipinda mpaka m'mawondo, miyendo ili matope okhaokha, nsapato zili m'manja. Anali atayenda wapansi kuchokera ku Matero, chifukwa munthu sungalande mphatso kenako n'kupempha kuti akukweze. Anatulutsa kampango m'thumba la jekete, kukamasula patebulo langa. Sidi yachiwiri inali m'menemo, ulusi wofiira ukadali pabowo.

Mayi anafunsa ali pakhomo kuti alongo awo anati chiyani.

"Anaseka," anatero bambo. "Anaitana anzawo a pasiteji kuti adzaone. Akuti, ba mulamu, ka chinthu kamozi kamene munanipasa mwabwela kutenga? Nanga na ine nibwele nitenge unga wanga?" Potchula za ufa wa mwezi ndi mwezi uja, bambo anayesa kumwetulira. "Ndi nthabwala za pachilamu, musazitengere kumtima."

Palibe amene anaseka. Ine manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Bambo anga, amene kale ankavala tayi popita kuntchito, anaima pakati pa makondakitala akusekedwa chifukwa cha pakamwa panga, ndipo chimene anakatengacho sindinkachifunanso.

Anakoka mpando n'kukhala pambali panga, matope akuuma m'miyendo. "Lowetsa tione," anatero.

Ndinadula ulusi, kupukuta sidiyo, n'kuilowetsa. Inali itakandika ponseponse ndipo dzuwa linali litaipinda pang'ono. Kompyuta inalira, kuyesa, kuliranso, osawerenga ngakhale fayilo imodzi. Bambo sankadziwa kuwerenga zimene zinkalembedwa pagalasi la kompyuta, ankangoyang'ana nkhope yanga. Ndinatayipa mawu angapo opanda ntchito, kudikira pang'ono, kenako n'kutsegula pulogalamu imene inali itamangika kale masana.

"Yatheka?"

"Yasebenza, ba tate."

Mayi, amene anandiona ndikuvina masana aja, anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatuluka kukatenga beseni la madzi ofunda, n'kuliika pamapazi a bambo. Iwo anaviika mapazi, kutsamira kumpando, n'kunena kuti, "Basi, sindinayende pachabe."

Lolemba ntchito ndinaipeza. Kuyambira pamenepo, kutchalitchi, pamaliro, kulikonse kumene anthu afunsa za ine, bambo ankafotokoza mmene anayendera wapansi mpaka ku Matero m'nyengo ya mvula kukatenga chinthu chimene chinalowetsa mwana wawo ntchito. Za kusekedwa pasiteji sankazitchula. Nkhaniyo inkawawongola msana, ndipo ankaikamba akundiyang'ana kuti ndivomereze. Ndinkavomera nthawi zonse, maso ali pansi, mpaka chaka chimene anamwalira.