Bokosi la Amoyo

Achimwene anga anagwa akukoka ukonde padamu la kufupi ndi Norton, Loweruka m'mawa, ogula nsomba ali piringupiringu. Tinawathira madzi, wina ankawakupiza ndi chipewa, wina n'kumakuwa kuti ndi khunyu. Mmene kombi, kabasi kamene tinawakwezamo, inkafika nawo kuchipatala, n'kuti atatisiya kale. Anesi anandiuza kuti mtima ndi umene unasokonekera kagundidwe. Anati kuli kamakina kodzidzimutsa mtima ndi magetsi, koti ngakhale ine wogulitsa nsomba sikangandivute, chifukwa kamalankhula kokha zoti uchite.

Mawu amenewo anandisowetsa mtendere. Ife ana a Amalawi a m'mafamu muno timatchuka ndi sosaite ya maliro. Timasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo palibe mnzathu amene amaikidwa m'bulangete. Pamsonkhano wotsatira ndinaimirira n'kupempha kuti tisonkherenso kamakinako.

"Mayi, khalani pansi," anatero atcheya. "Thumba ili ndi la omwalira."

"Ndiye kuti mundithandize, ndiyambe ndafa kaye?" ndinawafunsa, ndipo pansipo sindinakhale.

Anthu anang'ung'udza, koma kuyambira tsiku limenelo mbale za chopereka zimayenda ziwiri. Asodzi achishona nawonso amaponyamo. Kamakinako sitinagulebe, koma tatsala pang'ono. Bambo amene anakhoma bokosi la achimwene atikhomera kale kabokosi kodzasungiramo, kali pakhoma la shedi yoyezera nsomba. Tsiku lokapachika anati, "Zaka zonsezi ndakhala ndikukhoma mabokosi. Ili lokha ndi limene ndikufuna lidzaze msanga."