Amayi a Ekisire

A Malita Zingani anapuma ntchito, ndipo tsopano amakhala kwawo kwa Nthache, kumene amalima nandolo ndi kusamalira mitengo ya manachesi imene anasiya malemu bambo awo. Koma pa Boma anthu amawatchulabe kuti amayi a ekisire, poti unyamata wawo wonse unathera m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde la chipatala, akujambula mafupa a anthu ovulala.

Anayamba ntchito nthawi imene zithunzi ankazitsuka mumdima, m'mankhwala onunkha ngati viniga, n'kuzipachika kuti ziume. Msewu wa kumalire sunkawapatsa mpumulo. Lero dalaivala wa thiraki, mawa bambo wogwa ndi njinga ya makala potsetsereka. Koma akamakumbukira masiku amenewo, sakamba za makina. Amakamba za mawu. Wovulala akalowa, panalibe womugwira mwakachetechete. Namwino wobwera naye ankatchula dzina ndi pamene pakupweteka, a Malita n'kubwereza mokweza, okankha machira n'kuvomera, kenako onse n'kumunyamulira pamodzi.

Tsiku lina m'dzinja, minibasi inaterereka n'kugwera m'ngalande. Mwa ovulala munali Tiyese, mtsikana wongokwatiwa kumene, amene ankadandaula chiuno ndi mkono. Anali ndi apongozi ake aakazi. Amene anamubweretsa anali namwino Hamisa, mnzawo wapamtima wa a Malita.

"Tiyese uyu, chiuno ndi mkono wamanzere," anatero a Hamisa. "Za pathupi akuti ayi. Koma tisathamange, dzanja lake silikuchoka pamimba."

A Malita anaona kuti mtsikanayo ankangoponya maso kwa apongozi. Kuwala kwa ekisire kukhoza kuvulaza mwana wosabadwa, ndipo chiuno ndi mimba n'zoyandikana.

"Amayi, makinawa safuna anthu ambiri," anawauza apongoziwo mwaulemu. "Tatidikirani pabenchi panjapo."

Chitseko chitatsekeka, a Malita anagwada pafupi ndi machira. "Mwana wanga, muno tatsala akazi okhaokha. Mwezi uno wasamba?"

Tiyese anayamba kulira. "Miyezi iwiri yadutsa. Mimba yoyamba inachoka nditangouza anthu, ndiye iyi ndinalumbira kuti sindinena."

A Hamisa anathamanga kukaitana adokotala, ndipo atatuwo anakambirana ataimirira pomwepo, mwini wake akumva. Adokotala anamupimanso chiuno ndi manja, namuyesa kuti aponde pansi. Anapondadi. Anagwirizana kuti chiuno asachijambule, angomugoneka m'wodi n'kumamuyang'anira. Mkono wokha ndiwo anajambula, atamufunditsa pamimba chovala cholemera chotchinga kuwala. Apongozi anangouzidwa kuti mkono wathyoka pang'ono, zina zonse zinatsalira m'chipindamo.

Patapita zaka kunabwera makina atsopano. A Malita sawanyoza. Chithunzi chimatuluka pakompyuta nthawi yomweyo, fungo la mankhwala linatha, ndipo odwala sadikira. Chimene chinawasowetsa mtendere n'chakuti adokotala analeka kutsikira kwa iwo kudzanyamula chithunzi pazenera n'kufunsa kuti, "Inu mukuona bwanji?" Aliyense ankaonera pamene wakhala. M'zaka zawo zomaliza pantchito, a Malita ankanyamuka okha kupita ku wodi kukanena pakamwa zimene aona, ngakhale zinali zitafika kale pakompyuta. Achinyamata ankawaseka, koma ena anatengera.

A Hamisa anasamukira ku Blantyre kwa ana awo, ndipo Lamlungu amaimbirana foni ndi a Malita mpaka mayunitsi kutha. Za Tiyese palibe amene akudziwa. Anatuluka m'chipatala mkono uli mu pulasitala, akuyenda yekha, ndipo sanabwerenso. A Malita akapita kumsika wa pa Boma kukagulitsa manachesi, nthawi zina amapezeka akuyang'anitsitsa atsikana a sekondale amene akudutsa, akudzifunsa ngati mwa iwo muli mwana wa Tiyese, mpaka wogula kuwakodola kuti amupatse chenji.