Mapepala a kampeni ya Limbani

Lero ndiulule. Limbani, mwana wa Mayi Gondwe a kutchalitchi kwathu, ataima pa chisankho cha ukhansala kuno ku Tipton, m'dziko la azungu lino, ndinalonjeza kumuthandiza. Mnyamatayo ndi wa chipani cha buluu cha konkuno, wokonda taye ndi nkhani zotsitsa misonkho. Ine zandale sindizitsata, koma mayi akewo ndi amene ankandisungira Chisomo wanga nditangoyamba ntchito yosamalira okalamba. Ndikanakana bwanji?

"Amake Chisomo, msewu wanu wokhawo basi," anatero Limbani pondipatsa mtolo wa mapepala a kampeni. "Khomo lililonse pepala limodzi."

Loweruka ndinabereka mwana n'kuyambapo. Pa khomo loyamba, nditangolowetsa pepala pa kabowo ka makalata, galu analitsomphola mkatimo, pang'onong'ono atenge ndi zala zanga zomwe. Pa khomo lachiwiri agogo ena achizungu anatsegula, n'kuyang'anitsitsa nkhope ya Limbani papepalapo, kenako anandifunsa maganizo a chipani chathu pa nkhani ya zipatala. Chipani chathu! Ndinangoti, "Sorry, wrong house," ulendo wa kunyumba.

Mapepala otsalawo ndinkayala pansi pa mpando wa Chisomo akamadya. Milungu itatu yathunthu nkhope ya Limbani inkamwa phala.

Ndiye munthu n'kupambana. Lamulungu lake anaima kutsogolo m'tchalitchi kuthokoza anthu. "Makamaka amake Chisomo. Msewu wonse okhaokha, mwana ali kumsana! Taimirirani, anthu akuoneni."

Mayi Gondwe anaimba nthungululu. Ndikanatha kungoweramitsa mutu mwaulemu. Koma ayi, ndinaimirira, ndinakonza duku, mpaka ndinakweza dzanja ngati wopambanayo ndine.