Nsinjiro za ku Nachisaka m'phala la mwana wa eni

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupha mwana wa eni, ndipo sindinamuthirire mankhwala ayi, koma nsinjiro zomwe amayi anga anandisinjira kwathu ku Nachisaka. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi, kenako ndimapsa mtima.

Ndinapita ku Ulaya kukapitiriza maphunziro a zaulimi. Moyo wa kumeneko ndi wodula, ndiye anzanga anandiuza kuti ganyu wabwino kwa mtsikana wa pasukulu ndi wolera ana makolo awo ali kuntchito. Ndinaseka. Ine woyamba kubadwa, amene ndinabereka kumsana azing'ono anga onse amayi ali kothyola fodya, ndingalephere zimenezo?

Koma kuti ndipeze ganyuyo ndinakhetsa thukuta. Khomo lililonse ankafuna satifiketi ndi munthu wondichitira umboni. Ndikawauza za azing'ono anga ankangomwetulira, n'kunena kuti andiimbira foni. Sankaimba. Satifiketi yolerera mwana? Ndinkalakalaka kuwaonetsa msana wangawu kuti aone okha.

Patapita miyezi, mayi wina amene womulerera mwana anachoka mwadzidzidzi anavomera kundiyesa. Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka ziwiri. Tsiku loyamba anandifotokozera zambirimbiri m'Chingerezi chothamanga, uku akuvala jekete. Anandionetsa kachikwama ka mankhwala a mwanayo, ndipo anabwereza kawiri kuti ndisadzamupatse mtedza. Ndinagwedeza mutu n'kunena kuti ndamva. Mumtima ndinati, ndani sadziwa kuti mwana wamng'ono amatsamwa ndi mtedza? Chifukwa chake sindinafunse. Kwathu wamkulu akakuletsa chinthu, ukati "chifukwa chiyani" ndiwe wamwano. Komanso ndinkaopa kuoneka mbuli pa ntchito yomwe ndinaivutikira chonchi.

Mwanayo anali wovuta kudya. Phala lake la m'paketi ankangolavula, ndipo sindinkamudzudzula, chifukwa nditalawa linali ngati madzi otsukira mbale. Mayi ake ankadandaula kuti akuwonda. Ndinaona kuti mpata wodzionetsera ndi umenewu. Tsiku lina ndinanyamula kabotolo kanga ka nsinjiro, n'kuthira supuni imodzi m'phalalo. Ndinadziuza kuti nsinjiro ndi ufa, mwana sangatsamwe ndi ufa. Anadya bwino lomwe, ine mtima uli m'malo.

Sipanatenge nthawi. Milomo yake inayamba kutupa, nkhope yonse zidzolo, kenako anayamba kubanika. Ndinaimbira mayi ake. Atamva chomwe wadya anakuwa, n'kundiuza kuti nditsegule kachikwama kaja, nditenge jakisoni ndimubaye pantchafu msanga. Chinthu chimenecho tsiku loyamba lija ndinkachiyesa choyezera kutentha kwa thupi. Ndinamubaya, iwo akuitana ambulansi.

Kuchipatala n'komwe ndinamva koyamba kuti kuli ana amene thupi lawo limadana ndi mtedza, moti ngakhale kaufa kochepa kakhoza kuwapha. Mwanayo anapulumuka. Mayi ake anabwera pomwe ndinakhala, maso ali psuu.

"Ndinakuuza," anatero. "Ngati sunamvetse, bwanji sunafunse?"

Ndinayang'ana pansi, monga tinaleredwera. Iwo anaona ngati sizikundikhudza n'komwe, ndipo anandiuza kuti ndisadzapondenso pakhomo pawo. Amayi a m'deralo ali ndi gulu lawo la pafoni momwe amauzana za olera ana. Nkhani yanga inafika m'menemo, ndipo palibe amene anandiyankhanso ndikafunsira ganyu wolera ana. Pano ndimatsuka mbale pamalo ena odyera.

Nditawaimbira amayi kumudzi kuti mwina anditonthoze, anadabwa zedi. "Iwe, nsinjiro zingaphe munthu? Si zomwe zinakukulitsa iwezo?" Ndinayesa kufotokoza, koma anangoti ana a kumeneko ndi ofooka. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinamva maganizo anga omwe akulankhula pakamwa pawo.

Chomwe chimandinyansa n'chakuti kulera ndimakudziwa, ndipo mwanayo ndinkamukonda. Sindinagwe chifukwa cha ulesi kapena nkhanza. Ndinagwa chifukwa cha ulemu wongovomera zilizonse, ndi kudzimva kuti ndikudziwa kale.

Inu amene mukupita kunja ndipo mukuganiza zolera ana a anthu, musadalire kuti munabereka azing'ono anu. Kholo likati musachite chakuti, lifunseni chifukwa chake, liyang'aneni m'maso, ndipo libwereze mpaka mumvetse. Likakuonetsani mankhwala, funsani ntchito yake tsiku lomwelo. Musathire kalikonse ka kwanu m'chakudya cha mwana wa eni, kaya kanakukulitsani inuyo. Kuli bwino akuyeseni wamwano kapena mbuli.

Kabotolo kaja kadakali pawindo m'chipinda changa. Kudya nsinjirozo ndikulephera, ndipo kutaya sindingathe, poti anasinja ndi amayi anga.