A Telala ndi Mpanda wa Pakona

Mwana akapita kukayesedwa yunifomu kwa a Telala a mumsewu mwathu, kholo limasanduka mlendo. Iwo amagwada pansi, tepi ili m'khosi, mapini ali kukamwa, n'kumufunsa mwanayo, "Ikukuthina pati, bwana?" Ukati umuyankhire, amakweza dzanja. "Mayi, kodi muvala ndinu?" Poyamba zinkandipsetsa mtima, poti mwanayo ndinabereka ndine. Koma chovala chosokedwa ndi a Telala sindinachibwezepo.

Shopu yawo ndi khonde la nyumba yawo, pakona penipeni pamene kamsewu kathu kamakumana ndi msewu wotsetsereka wopita kumsika. Kutsogolo kwa khondelo kunali mpanda wa maluwa ofiira, wofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Anaudzala ndi malemu akazi awo. Banjali silinakhale ndi mwana, ndipo chimwalirireni mayiwo, a Telala ankathirira mpandawo m'mawa uliwonse asanavundukule makina, uku akuulankhula ngati munthu. Ukhoza kuwaseka za dazi lawo kapena za wailesi yawo yomanga ndi mphira, iwo n'kumaseka nawe. Koma mwana akathothola duwa limodzi lokha, msewu wonse unkamva.

Tsiku lina masana mwana wanga wotsiriza, amene a Telala anamutcha Kabatani chifukwa cha kuchepa thupi, anathamangira mpira pakonapo. Njinga yamoto inatulukira. Woyendetsayo anakhotetsa mwadzidzidzi n'kukagwera m'ngalande, ndipo Kabatani anagwa n'kungosupuka bondo.

Makolo tinakumana, ndipo ndi mantha amene tinali nawo sitinachedwe kugwirizana. Ana asaseweretso mumsewu. Akaweruka kusukulu, alowe mkati, geti litsekedwe. A Telala okha ndi amene anaimika mkono.

"Koma eni msewuwo mwawafunsa?"

Anthu anaseka. Wapampando wathu, bambo wogulitsa matabwa, anati, "Anawo afunseni ndinu, a Telala, poti ndi anzanu. Pakonapo pakakonzeka, mageti titsegula."

Nyumba zathu n'zothinana, bwalo lake ukayanika bulangete limodzi ladzaza. Ana ankangosuzumira m'mipata ya mageti. Mumsewu munali zii, ndipo njinga zamoto, poona kuti mulibe aliyense, zinayamba kuthamanga kuposa kale.

Loweruka a Telala anayenda khomo ndi khomo kubwereka ana athu. Ine ndinapita nawo, chifukwa Kabatani sindinkafuna achoke m'maso mwanga. Anawakhazika pakhonde pakati pa zidutswa za nsalu, iwo n'kugwada monga mwa masiku onse.

"Mabwana, msewu wathuwu ukukuthinani pati?"

Ee, ana ali ndi mawu! Wina anati galu wa a landilodi azimangidwa, chifukwa akamuthawa amathawira kumsewu waukulu. Wina anati ngalande ivundikiridwe, yameza kale mipira yambiri ndi silipasi yake yatsopano. Mapasa a kwa anesi anati tikwirire matayala akale m'mphepete, tiwapake penti, akhale malire a njinga komanso mipando. Kamtsikana kena kanati aliyense woyendetsa njinga mothamanga azimutsitsa, adumphe chingwe mpaka atope. A Telala sanaseke ngakhale pang'ono. Anangoti, "Ganizo limenelo ndi lamphamvu, tilisunge."

Anatsala Kabatani yekha, chala chili m'kamwa.

"Nanga iwe, Kabatani?"

"Ndikanena mundikalipira."

"Sindikalipira, bwana."

"Maluwa a agogo aakazi ndi amene amabisa njinga. Timangomva kulira kwake, koma sitiziona. Nazonso sizitiona."

Ana onse anayang'ana pansi, ndipo ndinazindikira kuti onsewo ankadziwa kalekale, kungoti ankaopa kunena. Ndinamutsina Kabatani pamkono, manyazi atandigwira. Ife akuluakulu tinkaona njinga pamwamba pa mpandawo bwinobwino, n'chifukwa chake palibe anaganizapo za maluwa.

A Telala anaimirira. Anatsika pakhonde, ndipo ndi thalauza lawo losita bwinolo anayenda chogwada pafumbi mpaka pamene Kabatani anagwera. Anadikira. Njinga inalira kumtunda, phokoso likukula, koma iwo anaiona itafika kale pamphuno pawo. Anakhalabe chogwada nthawi yaitali, fumbi likuwatera padazi.

M'mawa mwake ndinamva kugogoda pageti. Anali iwo, tepi ili m'khosi, chikwanje chili m'manja.

"Mayi a Kabatani, ndibwerekeni bwanayo ndimuyese."

Anamuimika pafupi ndi mpanda, anamuyesa kuchokera pansi mpaka pachibwano, analemba ndi choko pandodo, kenako anakunga chingwe kuchokera kugeti lawo mpaka pakona, chowongoka ngati mpendero wa siketi. Nditaona chikwanje chikukwera, mtima unandipweteka.

"A Telala, usiyeni. Tipeza njira ina. Amenewa ndi maluwa a mayi."

"Mayi anawadzala kuti ana azibwera kudzathothola," anatero osandiyang'ana. "Ankati nyumba yopanda mwana izikhala ndi choitanira ana. Kuletsako ndinayamba ndine, iwo atapita."

Anadula okha. Wogulitsa matabwa uja atabwera kuti athandize, anamukaniza. Maluwa ofiira anadzaza msewu, ndipo a Telala anauza ana kuti atole mmene angafunire. Tsiku limenelo mwana aliyense anali ndi duwa kukhutu, ndi anyamata omwe. Ine ndinalira, sindibisa, ndipo mpaka lero munthu ameneyu ndimamupatsa ulemu umene sindipatsa anthu ambiri ovala mataye.

Zinazo zinatsatira mosavuta, chifukwa ndani akanakana kalikonse ataona zimenezo? Wamatabwa anavundikira ngalande. Matayala tinakwirira, ana anapaka penti, ina n'kudzipaka okha. A landilodi anang'ung'udza koma galu anamumanga. Ganizo la kudumpha chingwe lokha ndi limene likudikirabe. Mageti anatsegulidwa, phokoso linabwerera, ndipo ine amene ndinkadandaula za bata ndinayambanso kudandaula za mpira wogunda zenera langa.

Kabatani wakula tsopano, mpandawo umamulekeza m'chiuno. Koma a Telala saulola kukwera. Mwana watsopano akangoyamba kutuluka pageti yekha, amabwera ndi tepi yawo kudzamuyesa, ndipo akapezeka wamfupi kuposa mpanda, chikwanje chimatuluka.

Kuthirira sanasiye, kulankhula nawonso sanasiye. Tsiku lina m'mawa ndikusesa panja, ana akudutsa ndi zikwama zawo kupita kusukulu, aliyense akukuwa moni wake, ndinawamva a Telala atawerama ndi ndowa pampandapo.

"Mayi," anatero chapansipansi, "mukuwaona bwino tsopano?"